Mgonero wa Pamwamba pa Phiri

Lolemba, 14 Julayi 1986, Chileka

Tsiku ladziwika. Laston alandira digiri yake Loweruka pa 26, kukoleji ku Zomba. Mwana wanga woyamba. Ndinalira pang'ono kuseri kwa kalasi, ana a Sitandade 4 n'kumayesa choko chandilowa m'maso.

Kunyumba nkhani si digiri ayi. Nkhani ndi yoti madzulo ake tikadya kuti. Bambo ake, a Potiphar, agamula kale: kuhotela ya pamwamba pa phiri. "Mwana wa munthu wa ndege sangadyere pamsika." Munthu wa ndege! Ntchito yawo ndi kuima paphula ndi timatabwa tiwiri, kukodola ndege kuti ibwere, ikhote, iime. Zaka zonsezi pabwalo pano sanakwerepo ngakhale imodzi. Koma ukawamva pabawo, ku London anachokako dzulo.

Aimba kale foni kuchokera kuofesi. Tebulo la anthu asanu, pafupi ndi zenera.

Lachinayi, 17 Julayi

M'nyumba muno mwatsegulidwa sukulu ya foloko. Ahedi ndi a Potiphar, mwana wasukulu ndine. Zida: mafoloko ndi timipeni totsala m'ndege. Foloko kumanzere, mpeni kumanja, chigongono osaika patebulo, supu osapemerera. Phunziro loyamba mbatata yophika. Yanga inathawa m'mbale, ili pansi pa kabati mpaka pano.

Aphunziranso liwu loitanitsira chakudya kwa mzungu wina woyendetsa ndege. Alakati. Akulibwereza posamba, pometa, popalasa njinga. Akuti tikafika akangonena kuti alakati, onse adziwa kuti kwabwera anthu. Ndafunsa kuti alakatiyo ndi nyama yanji. Akuti ndikaona konko.

Suti yawo yakana kutseka pamimba. Batani ndalisuntha, asadziwe.

Lamulungu, 20 Julayi, Lirangwe

Titaweruka kutchalitchi ndinakwera basi kudzaona achimwene anga a Thomson. Eni mbumba. Fizi ya Laston kusekondale inatuluka m'khola la mbuzi zawo, ndiye mawu ali nawo. Galimoto yopitira ku Zomba ndi yawonso, pikapu ija amanyamulira mbuzi kumsika.

Nditawauza za hotela anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu akufuna tikwere phiri kukasaka chakudya? Ndife anyani?" Iwo akuti kuseri kwa msika wa Zomba kuli mayi wina amaphika mpunga wa ku Chilwa ndi nyama ya mbuzi, msuzi wake ukaugwira umamata zala. Achimwene amadziwa dziko lino ndi msuzi. Ku Lunzu ngwamadzi, ku Mdeka ngwa mchere, ku Balaka osayesa. Pomaliza avomera phiri, ati tsiku ndi la mphwawo, koma tayi savala.

Wachisanu patebulo ndi alamu anga a Magret, achemwali awo a Potiphar, mlembi wa amayi a chipani kwathuko. Adziitana okha. Afunsa kale ngati tonse tili ndi khadi za chipani za chaka chino, ayeza ndi maso siketi yanga ngati ikubisa mawondo, atumiza uthenga woti Laston amete. Mayi woyambitsa nyimbo ngakhale ponyamula mtondo. Ndikakhala nawo mawu ndimachita kutapa ngati mchere.

Lachisanu, 25 Julayi

Pikapu yatsukidwa kawiri ndi sopo. Ikununkhabe tonde.

Laston anaimba kuofesi ya bambo ake. Akuti tidye paliponse, bola tidye. Bambo akewo ati uko ndi kudzichepetsa kwa anthu ophunzira.

Lamulo latsopano: mawa wina asadye masana. Tisiye malo.

Lamulungu, 27 Julayi

Ndilembe mwa dongosolo.

Mwambo unali wautali. Zolankhula za akuluakulu sindilemba. Laston mu gauni lakuda, chipewa cha ngodya chitapendekeka. Atatchula dzina lake ndinaima osadziwa. Zimenezo zokha zikanakwanira.

Dzuwa litapendeka tinayamba kukwera. Kutsogolo ine, a Magret ndi achimwene, tayi ali nayo pakhosi ngati chingwe cha mbuzi. Kumbuyo Laston ndi bambo ake. Msewu wopapatiza, wokhotakhota, uku thanthwe uku phompho, tauni yonse pansi ngati nyemba zomwazika. Kuzizira kolowa m'mano. Tili pakati tinamva kumenya padenga. Achimwene anaima. Kusuzumira kumbuyo, a Potiphar agona chafufumimba, akumbatira tayala la sipeya, maso ali tsinzi, akuimba nyimbo ya pamaliro. Munthu wa ndege. Akuti si mantha, ndi mpweya wa pamwamba, ife sitingaumvetse. Patsogolo pang'ono pikapu nayo inawira, tinachita kutunga madzi pakamtsinje ndi chipewa cha achimwene.

Tinafika chifunga chitatseka. Nyali, kapeti, moto pachumuni, fungo la nkhuku yootcha. M'mimba mwanga munalira mokweza mpaka ndinatsokomola kuti ndibise.

Mkulu wa operekera zakudya, wa jekete loyera, anatipepesa kwambiri. Tebulo lathu kulibe. Kwabwera a Tcheyamani a chipani, mdzukulu wawo nayenso walandira digiri, abwera ndi lole yodzaza anthu. Matebulo onse alumikizidwa, lathu lili pakati, pali mutu wa nkhumba. A Potiphar anakonza tayi, anati "Alakati." Mkulu uja anati pepani bwana. A Potiphar anabwerezanso, motsitsa. Ndinawamvera chisoni, zoona.

Tinangoima pakhomo, anthu asanu, kuonerera nsagwada.

Ndiye Laston. Mawu aja anazolowera pamitsutso ya kukoleji, omveka mpaka kukhitchini: "Palibe kanthu, bambo. Atidyere. Si amatidyera chaka chonse?"

Mafoloko anaima. Bambo wina wa suti yotuwa anatembenuka ndi mpando womwe. Aliyense amadziwa ana a eni ake amene anapita chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa, mpaka lero makolo amangoti ali kutali ndi ntchito.

Kenako nthungululu pakhutu panga penipeni. A Magret! Analumphira pakati, chitenje cha chipani atachikwinya m'chiuno. "Mwamumva mwana wophunzira? Akuti akadya atsogoleri, takhuta tonse!" Nyimbo pomwepo, ya pompopompo, mawu omwewo. Amayi a mulole anailandira. Operekera zakudya kuwomba m'manja mbale zili m'khwapa. Achimwene kuwomba. Ine kuwomba, kuvina, njala ili m'mimba, kuimba kuti ndakhuta.

A Tcheyamani anagwedeza mutu, fupa lili m'manja. Anafunsa kuti mnyamatayu ndi wa yani. A Potiphar anaiwala mpweya wa pamwamba, anapita kutsogolo: dzina, mudzi, mfumu, kumene iwo amagwira ntchito, zonse. Wa suti yotuwa amangomvetsera.

Potsika palibe anaseka, ngakhale a Potiphar anadzifunditsa jekete kumutu njira yonse. A Magret thukuta lili kamukamu ndi kuzizira konseko. Tili pafupi kufika pansi anati, osandiyang'ana: "Mlamu, mwana wanuyu pakamwa padzamupha. Ine khutu limodzi ndi logontha. Enawo ali nawo awiriawiri."

Tinadya kuseri kwa msika. Mayi uja anali akutsuka mapoto. Mbuzi inatha kalekale. Anatikokotera mpunga wa pansi ndi nyemba, pabenchi, koloboyi akufuka. Bambo ake Laston mbale ziwiri, ndi manja.

Lachitatu, 30 Julayi

Abwera. Amuna awiri, galimoto yoyera, pabwalo la ndege. Kufunsa kuti Laston ali kuti. A Potiphar akuti anayankha kuti sakudziwa. Koyamba chikwatirane kumva kuti pali chinthu chimene iwo sadziwa.

A Potiphar anafika kunyumba masana, njinga akuikankha. Ndinatumiza mawu ku Lirangwe. Achimwene anabwera ngati odzagula mbuzi, anabwerera ndi mbuzi zitatu ndi digiri imodzi pansi pa lona.

Gauni lobwereka likadali pamsomali. Ndibweza bwanji?

Sindinaphike.

Loweruka, 2 Ogasiti, Lirangwe

Ndamuona. Ali m'kanyumba ka kuseri kwa khola, mosungira madeya. Buku m'manja, utitiri m'miyendo. Anayesa nthabwala, ati mbuzi za amalume zimamvetsera bwino kuposa ana a Fomu 2. Sindinaseke. Kenako anati, "Pepani amayi. Inalankhula ndi njala." Iye ankangofuna kukaphunzitsa kusekondale, basi, sukulu iliyonse imene angamutumize.

Achimwene akuganiza za sitima. Akwere pasiteshoni pompano Lachinayi, apite kwa anzawo ogula nawo mbuzi kutsogolo kwa Balaka, akakhale kaye mpaka fumbi litsike. Anthu a pano onse akudziwa, onse sakudziwa. Wa golosale anandipatsa buledi, ati ndi wa mbuzi zodwala.

A Magret ndawapatsa tambala wanga wofiira. Sanafunse chifukwa.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Amupeza. Ndiseke kapena ndilire?

Amuna aja anabwereranso kwa a Potiphar, anawauza kuti musaope, ndi nkhani yabwino. Mawu oti nkhani yabwino sangakhale m'mimba mwa bambo amenewa. Anakwera nawo galimoto, kutsogolo, kuwalozera njira mpaka pakhola. Ine ndinali komweko ndi phala la Laston. Mbale inagwa.

Si kumanga ayi. Ndi ntchito. A Tcheyamani akuti chiyambire sanaone mnyamata wa digiri wodziwa ulemu chotere. Mawu aja awakonda, ayamba kale kuwanena pamisonkhano. Akumufuna akhale mlembi wawo, aziwalembera zolankhula. Nyumba ilipo, ya magetsi. Amusaka sabata yathunthu, akudabwa kuti mwana wabwino chotere akubisala chiyani.

A Potiphar kuvina pabwalo, nkhuku kubalalika. "Ndinanena ine! Mukanadya kumsika bwenzi zili apa?"

A Magret anabwera nawo m'galimoto ija. Achimwene anawakokera pambali, ndinamva. "Kodi imeneyi ingakanidwe?" A Magret: "Aikane ndani? Anene kuti ankatanthauza chiyani?"

Laston anasamba, fungo la tonde silinachoke. Anavala suti ya padigiri. Wa suti yotuwa uja, mmodzi wa awiriwo, anamutsegulira chitseko yekha. Galimoto ikunyamuka anandiyang'ana pagalasi, ngati tsiku lija ndinamusiya koyamba kuboding'i.

Anthu abwera kudzatiyamikira mpaka madzulo. Ndawaphikira tiyi. Shuga watha.

Lamulungu, 16 Novembala, Lirangwe

Kalekale osalemba. Panalibe choti ndilembe chimene ndikanafuna kuchiwerenganso.

Laston wabwera lero, koyamba chichokere. Tinakumana kwa achimwene. Galimoto yoyera pansi pa mtengo wa mango, dalaivala osatsika. Wanenepa mwana. Khosi ladzaza kolala. Watibweretsera shuga, mafuta ophikira, nsalu yanga, nsapato za bambo ake. Bambo akewo anazivala pomwepo n'kupita nazo kumsika kukaonetsa.

Asanalowe, achimwene anali pakati pa nkhani yawo ija ya achinyamata a chipani amene anaimitsa mayi woyembekezera pachipata cha msika kuti agule khadi ziwiri, yake ndi ya wam'mimba. Amaikamba bwino, ndi mawu a aliyense. Ndinali nditagwira kale nthiti. Chitseko kutseguka, Laston. Achimwene anatseka pakamwa. Munthu amene anamubisa pansi pa lona. Anayamba za nkhupakupa, ati zavuta chaka chino.

Tinapha nkhuku. Tinapemphera. Kudya. Kumva kutafuna kokhakokha. Ndinafunsa za nyumba, ati ili bwino. Za ntchito, ili bwino. Iye anafunsa za sukulu, ndinati ili bwino, chonsecho denga la Sitandade 4 linasasuka ndi mphepo mwezi watha, tikuphunzirira pansi pa mtengo. Ndinafuna ndinene kanthu, kalikonse. Kunja chimanga changomera kumene, mizere yobiriwira. Ndinangomva pakamwa panga pakuti: "Mvula chaka chino yayamba bwino. Boma layesetsa."

Anasiya kudya. Dzanja lili m'mbale, maso pa ine.

"Amayi, ndi ine."

Ndinati ndikudziwa, mwanangu. Koma ndisanayankhe ndinayamba ndayang'ana pazenera, kumene kunali galimoto yoyera ija, ndipo anandiona.