Chotsa Pilo Pansi pa Bondo la Mwanayo

Wokondedwa mlongo wanga,

Muli bwanji kumeneko, iwe, alamu, amayi ndi mwanayo? Ine ndilipo, kupatula bondo lakumanzereli lomwe latsimikiza mtima kundichititsa manyazi pagulu.

Chithunzi chija ndachiona. Mwana wokongola, watengera amalume ake, ndipo mwatsoka watengera ndi hemofiliya yomwe, nthenda ija yoti magazi akayamba kutuluka sasiya msanga. Koma iwe, pilo ali pansi pa bondo lotupalo wamuika ndani? Usavutike kuyankha, manja a amayi ndimawadziwa.

Ndinayamba mafizo, zolimbitsa thupi za kuchipatala zija. Ine ndi digiri yanga yonseyi amandigoneka pa kabedi kopapatiza, kathaulo kunsi kwa chidendene, n'kundiuza kuti ndikanikizire bondo pansi. Thukuta kamukamu ngati ndikukankha lole, bondo osasuntha. Mayi wa mafizoyo n'kumati lero ndayesetsa. Si chipongwe chimenecho?

Tsiku lina anandifunsa kuti ndili mwana, magazi akatayikira m'bondo, kunyumba ankatani. Ndinayankha monyadira kuti amayi ankandigoneka masabata, pilo pansi pa bondo, osalola kuti ndiponde pansi. Mayi wa mafizoyo anati bondo likakhalitsa lopinda limazolowera, minofu ya ntchafu imafooka, ndipo bondo lopanda mphamvu silichedwa kutupanso. Ndinafunsa ngati langali lidzawongoke. Anati, "Ululu tichepetsa, bambo, koma kuwongoka kwenikweni tinachedwa."

Ndinatuluka ndikufuna munthu womukwiyira, osamupeza. Amayi ankachita chokhacho chomwe chinkandiletsa kulira, ndipo kunalibe wowauza zina. Komabe ndikaona tiana tikupinda n'kutambasula miyendo m'chipinda chomwecho, tikuseka, mtima umandiwawa kuposa bondo.

Tsono ndikupempha, mlongo wanga. Mwanayo akabayitsa jakisoni wake wa hemofiliya, kutupa kukatsika, pita naye kwa a mafizo akuuzeni nthawi yoyambira ndi zoti azichita. Adzalira, amayi adzakutcha wouma mtima, iwe udzafuna kusiya. Usasiye. Mwendo wopindika umodzi wakwana m'banja lathu.

Mulungu akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa alamu, ndipo mwanayo umuuze kuti ndikabwera ndikufuna andisiye kumbuyo poyenda. Amayi uwapatse moni wapadera. Zochotsa piloyo uwauze kuti alamula ndi adokotala. Za bondo langa usawauze, mpaka lero amakhulupirira kuti ndikuyenda chifukwa cha chisamaliro chawo, ndipo sakunama.

Ndine mlongo wako,
Amalume a mwana