Mchere Ukachuluka, Ulusi Umamasuka

Okondedwa achemwali anga a Somjai,

Ndikhulupirira mpunga wacha bwino ku Udon. Kuno ku Bangkok ndili bwino.

Kafukufuku uja watheka. M'maselo athu, ulusi wa DNA umakulungidwa pa timipira ta mapuloteni. Ndikathira mchere pang'ono m'madzi oyesera, ulusiwo umagwirabe. Ndikawonjezera, umayamba kumasuka kunsonga mpaka timipirato kubalalika. Aphunzitsi anga a Prasert ataona zithunzi zake anaseka nati, "Iwe Rattana, kwanu mumanyambita mchere ngati ng'ombe, n'chifukwa chake mcherewu ukukumvera! Anzanga a ku Japan akufuna ukagwire nawo ntchito kumeneko kwa zaka zitatu. Uwayankhe mwezi uno."

Sindinawayankhe. Amayi musawauze kaye. Munandilembera kuti dzanja lawo lamanja likuchira. Kodi tsopano akutha kugwira supuni okha?

Ndine mng'ono wanu,
Rattana