Wufa Yanga ndi Mtondo wa Tiwonge

Amama, kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno chimanga chachita bwino, ng'ombe yanu yamawanga ija yabereka, ndipo alamu ku Edingeni ali ndi khanda lamphuno yanu yeniyeni. Koma kalatayi ndi ya mlandu, ndipo woyankha ndinu.

Mutatisiya, adada ndidawatenga kuti azikhala nane kuno ku Boma, pafupi ndi chipatala. Sankadya. Ndidakumbuka kuti m'foni ndili ndi nyimbo yanu yapamtondo, ija ndidajambula mukusinja ndi mng'ono wanga Tiwonge, inu mukundikalipira kuti, "Ukundijambuliranji, waona kuti ndifa mawa?" Ndidathamangira kumsika kwa bambo wina wachisilamu wogulitsa mawailesi, nkugula wufa yaikulu ngati nkhokwe ndi masipika awiri. Adandilumbirira kuti, "Mayi, iyi mukayatsa, woimbayo mumpatsa mpando."

Ndidayatsa. Mawu anu adadzaza nyumba, mpaka kupuma kwanu kumamveka. Adada adavula nsapato, nkuponda pasimenti. Kenako akuti, "Mwana wanga, khutu lamva, koma phazi silinamve. Amako akamasinja, dothi linkandiuza ndili kukhola." Ndidakweza besi mpaka mawindo kunjenjemera. "Ndapota, zimitsa," adatero. "Amako sankaimba nyimbo mofanana kawiri. Ankaikamo dzina la amene wawalakwira tsiku limenelo. Awa a m'bokosiwa akungonyoza munthu mmodzi yemweyo."

Sabata isanathe, mbwenu adada akwera minibasi ya ku Manyamula, kwa Tiwonge. Tiwonge yemweyo, Amama, uja ankalemba dzina lake chagada! Chigayo chili pakhomo pompo, koma iye amasinja dala m'mawa uliwonse, adada ali pampando pafupi ndi mtondo, mapazi padothi. Akuti akudya mpaka kupempha zoonjezera. Ndamvanso kuti masiku ano m'nyimbomo muli dzina langa, ine ndi bokosi langa, ndipo adada amaseka mpaka kutsokomola.

Mudagawa bwanji, Amama? Ine mudandipatsa koleji, iye mudamsiyira pakhosi panu. Ine ndimaima pamzere kuchipatala kuyambira m'mawa kuwatengera adada mankhwala, iye amangotsegula pakamwa, nkhalamba nkuchira. Nsanje ikundidya chomene, sindibisa. Munkati nsanje ndi nankafumbwe, imadya chimanga cha mwini nkhokwe. Idye basi.

Ndidaganiza zowakaniza mankhwalawo kuti abwerere okha. Ndidachita manyazi ndisanamalize kuganiza. Akhale komweko, poti nkumene akukumvani.

Loweruka ndiwapititsira mankhwalawo, ndipo ndikulonjezani kuti sindikangoima kumpanda. Ndikagwira musi wachiwiri, matuza atuluke, ndipo Tiwonge ndikamuyankha m'nyimbo momwemo, dzina lake ndi zonse ndimamudziwa. Mukamva mawu ngati a nkhanga akusokoneza nyimbo yanu, musadabwe, ndine.

Ndimakukondani, ngakhale mudakondera.

Mwana wanu woyamba,
Lusungu