Mphatso ndalipira, kodi ndisapite kukaiona?

Aphungu,

Kalatayi akundilembera a telala a pakhonde la sitolo, poti ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndawauza kuti alembe zokhazo zotuluka pakamwa panga, asakongoletse.

Ndine bambo wachikulire, ndinali dalaivala wa lole mpaka maso atayamba kundikana. Mwana wanga womaliza, namwino, amene ndinamuphunzitsa ndi chiwongolero, akukwatiwa mwezi wamawa. Mkamwini ndi mnyamata wabwino, amakonza makompyuta, ndipo akandiona amavula chipewa.

Nkhani yagona pa mphatso. Ine ndimadziwa kuti paukwati anthu amapereka mapoto, mabulangete ndi mbale. Anawa akuti ziwiya ali nazo kale. M'malo mwake alemba pa foni mndandanda wa zinthu zimene akufuna kukachita ku mzinda waukulu pa hanimuni, kuti aliyense asankhe chimodzi n'kulipira. Mwana anandiwerengera titakhala pabalaza: kukwera bwato pamtsinje, kukaona nyama, nyumba yosungiramo zinthu zakale, basi yopanda denga. Azakhali ake alipira zoti munthu wosamudziwa akawakande msana. Pamenepo ine ndinangoyang'ana kudenga.

Atafika pa nyumba yayitali ija, imene anthu amakwera ndi chikepe kukaona mzinda wonse, ndinati imeneyo ndi yanga. Aphungu, mzindawo ndaulowa ndi lole kambirimbiri, koma nyumbayo ndinkangoionera pagalasi, matumba a simenti ali kumbuyo. Ndiye ndinalipira matikiti a iwo awiri, ndi ena a ine ndi mayi ake.

Musafulumire kuseka. Mukapatsa munthu ketulo, tsiku lina mumapita kwawo n'kumwa tiyi wa m'ketulo yanuyo, mtima n'kukhala m'malo. Nanga mphatso ya pamwamba pa nyumba ndiiona bwanji ndili kuno? Komanso pantchito yathu katundu sitimusiya panjira, timakamutsitsa tokha kumene akupita.

Ndinamuitana mkamwini n'kumuuza. Ndinamuuzanso kuti mndandanda wawo ndi woperewera. Mulibe msika wa matayala, mulibe sikelo yoyezera magalimoto, mulibe mlatho umene lole yanga inathera mabuleki ine n'kuyimitsa ndi magiya okha. Ndinati zonsezi ndikawaonetsa ndekha, asavutike kufunafuna wowaperekeza. Iye anangoti, "Chabwino bambo, tiona," n'kupempha madzi akumwa. Anamwa ngati wayenda mtunda wautali.

Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga, amene ankandiimbira foni akangoweruka kuntchito, wayamba kuimbira mayi ake, ndipo mayi akewo amakayankhira kukhitchini motsitsa mawu. Dzana mayi akewo anandifunsa kuti, "Bambo ake, inu mukupita kukaona mzinda kapena kukalondera chitseko? Ife titakwatirana bambo anga anatitsatira?" Ndinati, "Akanatitsatira kuti, poti m'mawa mwake ndinanyamuka ndi lole?" Iwo anati, "Zikomo kuti mukukumbukira," n'kutuluka panja.

Choipa n'chakuti kwa ometa tsitsi ndinalengeza kale kuti ndikupita, ndipo a telalawa jekete adula kale. Mnzanga wina makaniko, amene timamutcha Sipanala, akandiona akumakuwa kuti, "Wadutsa mkwati wachitatu." Ndikabwerera m'mbuyo ameneyu andiseka mpaka tsiku londiika m'manda.

Ndaganiza zogonjako pang'ono. Tisagone hotelo imodzi. Ife tikagone ina yoyang'anana nayo, tizikangokumana pa chakudya cham'mawa, kenako ndiziwatsogolera. Kodi pamenepanso ndalakwa? Ndikufuna mwana wanga ayambirenso kundiimbira, koma nyumba ijanso ndikuifuna.

L.D.M., wa kuseri kwa depoti ya mabasi

Bambo,

Mwalera bwino, ndipo mphatso mwasankha yabwino. Koma musapite. Hotelo yoyang'anana nayo ayi, ya msewu wakuseri ayinso.

Mkamwini wanu sanavomere. Mnyamata wovula chipewa sangakanire apongozi ake pamaso, n'chifukwa chake anathawira m'kapu ya madzi. Mwana wanunso sanakwiye. Akunong'ona ndi mayi ake chifukwa akusowa mawu okukanirani osakupwetekani, pa nthawi imene amayenera kumaganiza za diresi. Mtolo umenewo mwamusenzetsa ndinu, mumutule ndinu.

Za katundu mwanena zoona, sasiyidwa panjira. Koma ndikufunseni: mutatsitsa simenti, munkakhalira pomwepo kudikira kuti amange nyumba mukuona? Munkasainitsa pepala n'kuliza injini. Mphatso yanu inafika tsiku limene munalipira. Tiyi wa m'ketulo yanu mudzamwa akadzabwerako, atakhala pabalaza panu, akukuonetsani zithunzi n'kumakangana za amene anachita mantha m'chikepe.

Muimbireni mwana wanu lero lomwe, inuyo, osadzera kwa mayi ake. Musayambe ndi madandaulo. Ingonenani kuti, "Mwanangu, ulendo uja ndi wanu awiri, ine ndidzamva mukadzabwera." Akayamba kulira musadule foni, ndi mpumulo umenewo.

Kenako mupempheni mkamwini afunse ngati matikiti anu angasinthidwe tsiku. Ntchito yake ndi yomweyo ya makompyuta, ndipo ndikukutsimikizirani kuti aigwira mwachangu chimene simunachionepo. Zikatheka, mudzapite mwezi wina ndi mayi a kunyumba. Zikakanika, konzani ulendo wanuwanu pang'onopang'ono. Mayi aja sanatuluke panja chifukwa cha kutentha. Akudikira ulendo wawo kuyambira m'mawa umene munanyamuka ndi lole. Asankhe ndi iwo koyambira, ndipo akati bwato, likhale bwato. Msika wa matayala mudzangowalozera muli m'basi.

Pa malo anu aja, apatseni anawo amodzi okha, mlatho. Afotokozereni nkhani ya mabuleki musanawatsanzike, muwapemphe akajambulitse pamenepo. Mwana aliyense amafuna kuona pamene bambo ake anapulumukira. Sikelo ya magalimoto isiyeni, palibe mkwatibwi amene anaifunapo.

Jekete isokedwe ndithu, mudzavale paukwati. Sipanala muuzeni kuti ulendo sunafe, mwangokana kupita ngati wachitatu poti muli ndi mkwatibwi wanu. Mukatero mumufunse kumene iye anapita nawo akazi ake. Adzayamba kukamba za mpira.

Chenjezo langa ndi ili, poti ndakuonani kuti ndinu munthu wodziwa njira zachidule: musayerekeze kukonza ulendo wanu sabata yomweyo kuti mukakumane nawo ngati mwangozi. Mwana amene wapeza bambo ake pa chakudya cham'mawa cha hanimuni sakalipa. Amamwetulira, amakukokerani mpando, amakuthirirani tiyi. Kenako moyo wake wonse sadzakuuzaninso kumene akupita.

Aphungu