Sutikesi ya Kansalu Kofiira

14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tiliko, kupatula Amayi amene akadali m'chipatala, pabedi la pafupi ndi zenera. Tsopano akungomwa tiyi basi. Lolemba adokotala anandiitanira pambali n'kunena kuti amene akufuna kuwaona asachedwe.

Uthenga wanu ndinaulandira, uja munati kuno n'kutali ndipo ntchito yakupanikizani. Pepani bwana. Mwina mwaiwala kuti mlongo wanu wosaphunzira uja amagwira ntchito pabwalo la ndege, yoyeza katundu pasikelo. Kuchoka pabwalo lanu kufika pa lathu ndi makilomita 410, ndipo kandege kaja kamangotenga mphindi 55. Kamabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Ine kusambitsa Amayi ndi kuwasinthira zofunda kumanditengera nthawi yoposa pamenepo.

Lachisanu lapitali kunabwera bambo wina wa tayi ndi masutikesi a gulu limene linali pamsonkhano kuhotela kuyambira Lachiwiri. Pakati pake panali sutikesi yakuda, pachogwirira pake pali kansalu kofiira. Kansalu kameneko anamanga ndi Amayi tsiku limene munkapita kukoleji, kuti katundu wanu asasokonekere ndi wa eni ake. Ndinawerenga dzina patikiti. Nditadzutsa mutu ndinakuonani mutabisala kuseri kwa chipilala, foni ili kukhutu, magalasi akuda ali kumaso ngati mbala. Chimunthu chachikulu, ndi mimba yonseyo, kubisala kuseri kwa kachipilala! Ndinachita manyazi m'malo mwanu. Masiku atatu munali kuno, pamene kuchoka kuhotelako kufika kuchipatala ndi mphindi khumi wapansi. Sutikesi yanu inalemera makilo 11. Ndinaimata kapepala ndekha n'kuikankhira mkati.

Ndiulule tchimo langa. Madzulo ake Amayi anandifunsa kuti, "Ndamva ndege masana. Mchimwene wako sanabwere?"

Ndinati, "Ayi Amayi, kuja n'kutali. Ndege imayenda tsiku lathunthu."

Iwo anati, "Basi usamuvutitse mwana wanga. Uja amachita chizungulire paulendo."

Mwaonatu, bodza ndi lanu koma wolisenza ndine. Sindikunyengererani ayi, pakuti ulemu umene ndinali nawo pa inu unathera pasikelo paja. Ndikungokudziwitsani kuti ndege ya Lachiwiri imanyamuka kwanuko 9 koloko m'mawa, ndipo isanakwane 10 imakhala itatera. Ngati mukuopa kukumana nane maso ndi maso, musadandaule, ndidzayang'ana kumbali. Luso limenelo ndaphunzira kwa inu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi nawo akupereka moni, ndipo akuti mukamadzabwera mudzavale juzi, chifukwa anamva kuti m'ndege mumazizira, ndiye ulendo wake ndi wautali.

Ine mlongo wanu,
wa pasikelo