Yisiti Yanga Ili ku Lusaka

Lolemba, 2 Sepitembala 2024

Chipatala cha Mpanshya. Amayi ali gone, mbali yakumanja siikugwira, mawu sakutuluka. Adokotala akuti ndi sitiroko. Ndanyamuka ku Lusaka mothamanga, yisiti yanga yonse ndaisiya m'firiji ya ku labu. Kingsford, mnzanga wa benchi imodzi, wati aziyang'anira.

Lachiwiri, 3 Sepitembala

Ba Dorcas, amene akudwazika mng'ono wawo pa bedi loyandikana, andifunsa chomwe ndimaphunzira ku yunivesite. Ndati yisiti.

"Ya mabanzi? Mpaka digiri yachiwiri?" Aseka mpaka kutsokomola.

Ndayesa kufotokoza. Kuti m'kati mwa selo la yisiti muli timatumba tonyamula zinthu, ndipo kathumba kakafika komwe kakupita, kachikopa kake kamalumikizana ndi ka pamalopo n'kukhala kamodzi. Ntchito yolumikizayo ndi ya mapuloteni ena, ndipo lililonse lili ndi malo ake. Ena amakhala pa chikopa chakunja cha selo, ena pa thumba lalikulu la pakati lomwe timati vakyuwolo. Langali sindidziwa limakhala pati. Ndinalimata kanthu kowala mobiriwira kuti ndikalione pa maikulosikopu. Kumatako kokha kunandidyera chaka.

Angoti, "Chabwino, mwana wanga," n'kupita kukachapa.

Lachitatu, 4 Sepitembala

Netiweki kuno mpaka ukaime pafupi ndi msewu. Kingsford akuti malaiti anapita dzulo, jenereta yakana kulira.

"Ba Thelma, firiji ikali yozizira, musade nkhawa."

Ndamuuza kuti asatsegule chitseko chake. Ndabwereza, ndabwerezanso.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Amayi akana phala. Amangondiyang'ana.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Malaiti anabwera pang'ono mmawa. K. anathamanga, anatenga yisiti pa kambale kakale komwe ndinaiwala pa benchi, anajambula pa maikulosikopu. Ndaima padzuwa kudikira chithunzi chilowe, mabasi akundithira fumbi.

Chalowa. Mphete yobiriwira pa mdima, yokongola kwambiri.

Koma ndi mphete ya chiyani? Chikopa chakunja kapena vakyuwolo? Pamafunika chithunzi chachiwiri, cha kuwala wamba, choonetsa malire a selo. Ndamuimbira. Akuti malaiti anapita asanachijambule, ndipo sakukumbuka kuti anakulitsa motani. Anali kupepesa ngati kuti ndiye anawazimitsa.

Ndachikulitsa ndi zala mpaka chasanduka madontho. Puloteni langa likakhala kunja, ndiye kuti limathandiza selo kutulutsa zinthu. Likakhala pa vakyuwolo, zomwe ndakhala ndikuuza ba Profesa Mwiza, ondiyang'anira pa kafukufukuyu, n'zoona. Yankho lili m'manja mwanga, kuliwerenga sindingathe.

Loweruka, 7 Sepitembala

Firiji yasungunuka. Madzi alowa m'makatoni, timapepala ta maina tamatuka pa timachubu, tikuyandama. K. wati abzala zonse pa timbale, tione chomwe chimere.

Achimwene anga, ba Bornwell, aimba kuchokera ku Kitwe. Kuntchito sakuwalola. "Iwe ndiwe wa sukulu, yisiti ingadikire."

Lamulungu, 8 Sepitembala

Kutchalitchi sindinapite. Ndachapa zofunda.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Zina zamera, zambiri zachita nkhungu. Zomerazo K. waziona zonse, palibe yowala. Kambale kakale kaja kauma ndi kutentha.

Uthenga wa ba Profesa: pepani za amayi, koma bwerani sabata ino tiyambirenso, apo ayi chaka chino chapita. Akuti aimba mawa. Ndalemba yankho, ndafufuta. Ba Dorcas andipeza pa khonde, angondipatsa nthochi.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Akuti amayi atuluka Lachisanu, kwatsala n'kuwasamalira kunyumba ku Chinyunyu. Ba Agness, anesi, abwera kudzandiphunzitsa kuwadzutsa.

"Pindani mawondo, osati msana. Dzanja lofookalo musakoke. Akumbatireni."

Ndawakumbatira, ndawadzutsa. Apepuka kwambiri amayi. Chibwano chawo chinali pa phewa langa, dzanja lamanzere litagwira bulauzi yanga mwamphamvu. Foni inayamba kulira m'thumba.

"Musawasiye, miyendo isanalimbe," anatero ba Agness.

Inalira, inalira, mpaka inaleka. Ife tinali chiimire.