Zipwete za achemwali

Lachiwiri, pakati pa Febuluwale. Mtima wanga walemera lero.

Ndinapita ku Utale kukaona achemwali. Njala yawafooketsa. Atandiona anagwira pakamwa: "Mayo ine! Kuonda chonchi? Njalayi yalowa ndi m'tauni momwe?"

Sindinawauze kuti madokotala anandichepetsa chifu nditapempha ndekha, kuti ndichepe thupi. Ndikanayambira pati?

Anandipatsa zipwete ziwiri zomwe anasungira ana awo. Chifu changa chimakanabe zosaphika, koma chakudya cha m'bale sakana. Ndinatafuna chimodzi, ana akundiyang'ana pakamwa.

Sichinakhazikike. Ndinakasanza kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu.

Potsanzikana, achemwali anandikulungira chinacho m'kansalu. "Ukadye kwanu, mng'ono wanga, thupi libwerere."

Chili pano patebulo. Kudya sindingathe, kutaya nako...